Funsani Adalaivala: Ndingafike Bwanji Pampando wa Thiraki?

Makalata a mwezi uno abwera ngati munachita kupangana. Pa makalata 11 omwe akonzi andipatsira, 7 akufunsa nkhani imodzi, ya thiraki. Sindikudabwa. Ntchito zavuta, ndipo mnyamata akakhala pa Zalewa n'kuona hosi, mutu wa thiraki uja wokoka telala, ikuwoloka Shire, dalaivala ali phee pamwamba, chigongono chili pawindo, amangoti ndalama zili m'menemo. Amene munafunsa za njinga za kabaza ndi za COF ya minibasi, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, pepani, mudikire mwezi wamawa.

Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndinalowa ntchitoyi mu 1991 ngati lole boyi, pa lole yotuta fodya kuchoka ku Kasungu kupita ku okushoni ku Kanengo. Ntchito yanga inali kumanga tenti, kuika mwala kutayala ndi kuphikira adalaivala nsima pansi pa lole. Hosi ndinaikwera mu 1998, ndipo ndinatsika mu 2020 msana utakana. Beira, Dar es Salaam ndi Joni ndinayendako mpaka agalu a m'njira anandizolowera. Zomwe ndikuyankha pano ndi za pampando umenewo.

Ndili ndi zaka 24 ndipo ndili ndi laisensi ya B. Ndimayendetsa Sienta ya abwana ena pakati pa Lunzu ndi m'tauni. Ndikufuna kuyendetsa mathiraki opita ku Joni. Ndiyambire pati, ndipo chofunika n'chiyani? — Mnyamata wa ku Lunzu

Achimwene, yambani ndi kuidziwa khadi yomwe ili m'thumba mwanuyo. Malaisensi athu amatsata zilembo zomwe mayiko a SADC anagwirizana, ndipo chimene chimasiyanitsa chilembo ndi chinzake si kutalika kwa galimoto ayi, koma kulemera komwe galimotoyo inalembedwa kuti ingafike itasenza katundu. B yanuyo imathera pa makilogalamu 3,500. Kuchoka pamenepo kufika pa 16,000 ndi C1, ndipo m'menemo ndimo muli ma Canter ndi malole a matani 7 otuta chimanga ndi njerwa. Ikapitirira 16,000 koma ili ya thupi limodzi, monga matipa aakulu otuta miyala ya kwale, ndiye C. Chilembo cha E chikatsogola ndiye kuti kumbuyo kuli ngolo yolemera. Hosi ndi telala yomwe mukuilotayo imafuna EC. Mukamva anzathu a ku Joni akunena za Code 10 ndi Code 14 musasokonezeke, ndi maina akale a C1 ndi EC.

Njira yake ndi yomwe munadutsa kale potenga B, kungoti phiri lakula. Mupita ku Road Traffic, komwe dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, mutatenga chitupa cha unzika ndi khadi yanu ya MalTIS, ija yosonyeza kuti munalembetsa mu kompyuta yawo. Akuyezani maso, mulemba mayeso a malamulo a pamsewu, mulandira chiphaso cha ophunzira cha gulu lomwe mukufunalo, kenako sukulu yovomerezeka, kenako mayeso a pabwalo ndi a pamsewu. Za mitengo kafunseni pawindo tsiku lomwelo, chifukwa zimasintha msanga kuposa momwe magazini ino imatulukira.

Ndiye pali pepala lachiwiri lomwe ambiri amaiwala. Laisensi imangonena kuti mukhoza kuyendetsa galimoto ya kukula kwakuti. Kuti muyendetse ya malonda, yonyamula katundu wa anthu, pamafunika chiphaso cha ukadaulo chomwe timachitcha PrDP. Chimenechi chili ndi zilembo zakenso: G ya katundu, P ya anthu, D ya katundu woopsa monga mafuta. N'chifukwa chake mumaona m'nyuzipepala akuti akufuna dalaivala wa “C1 PG”. Chimafuna kalata ya dokotala, ndipo chimatha msanga kuposa laisensi, choncho tsiku lake muziliyang'ana. Ndikukhulupirira kuti pa Sienta mukunyamula nayo anthuyo P muli nayo kale. Ngati mulibe, ndanena motsitsa mawu.

Langizo langa ndi lakuti musalumphe makwerero. Tengani C1, mukagwireko lole ya matani 7 chaka kapena ziwiri, mumve mmene katundu amakankhira kumbuyo mukaponda buleki, muphunzire kuyenda ndi magalasi a m'mbali okhaokha popeza galasi lapakati lija kulibe. Makampani ambiri otumiza katundu kunja safuna n'komwe kuona munthu wosafika zaka 25, ndiye chaka chimenechi simukuluza kanthu.

Posankha sukulu ya EC musakopeke ndi chikwangwani. Pitani pabwalo pawo mukaione thirakiyo ndi maso anu. Kodi ndi hosi yeniyeni yokhala ndi telala, kapena ndi lole yomwe angoimangirira kangolo? Ophunzira ndi angati pa thiraki imodzi? Funsani ophunzirawo, osati a muofesi, kuti pa tsiku munthu amagwira chiwongolero mphindi zingati. Ndinaonapo anyamata 12 atapanikizana pamthunzi kudikira thiraki imodzi, aliyense n'kuzungulira bwalo kawiri basi, tsiku latha. Ndalama yanu ikagule maola a rivesi. Kupita kutsogolo ngakhale mwana akhoza. Kubweza telala ya mamita 12 kuti ilowe pakati pa makontena awiri, chiwongolero ukupotokolera kumanja pamene ukufuna mchira upite kumanzere, apo ndi pamene amuna amatuluka thukuta. Akuphunzitseninso kulumikiza ndi kumasula telala: kulowetsa chikhomo cha telala mu fifth wheel, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa hosi, mpaka imveke kuti kwa, kukoka pang'ono telala ili pa buleki kuti mutsimikize kuti yagwira, kulumikiza mapaipi a mpweya, ofiira ndi achikasu, ndi chingwe cha magetsi, kenako kukweza miyendo. Woiwala kukoka kuja amagwetsa telala pageti, anthu onse akuona.

Za ku Joni zimabwera pambuyo: pasipoti ya masamba ambiri chifukwa zidindo za pa Mwanza, Zobue, Cuchamano, Nyamapanda ndi Beitbridge zimadya masamba ngati chiswe, kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, ndi satifiketi ya defensive driving, maphunziro a kuyendetsa mopewa ngozi, yomwe mabwana ambiri amaifunsa. Koma zimenezo tidzakambirana mukadzandilembera muli ndi C1.

Munthu wina amene ndinakumana naye panja pa maofesi wandiuza kuti ndikamupatsa ndalama andikonzera EC pa sabata imodzi popanda mayeso. Akuti aliyense amatero. Ine sukulu ndilibe nayo ndalama yokwanira, koma yake ndikhoza kukwanitsa. Ndilakwa? — Wosafuna kutchulidwa, Area 25

Madobadoba amenewo ndimawadziwa, ena ndinakalamba nawo limodzi. Zomwe zingakuchitikireni ndi zitatu, ndipo yabwino kwambiri mwa zonsezo ndi yakuti athawe ndi ndalama yanu. Yachiwiri, akupatsani khadi yooneka bwino koma yomwe mu kompyuta mulibe, ndipo tsiku lomwe wapolisi kapena a inshuwalansi adzaifufuze, mlandu udzakhala wanu nokha. Yachitatu ndiyo ndimaiopa: khadiyo igwire ntchito, wina akupatseni makiyi.

Ndikuuzeni za phiri la Chiweta. Munali mu 1999, ndili ndi chaka chimodzi chokha pa hosi, laisensi yanga yeniyeni, ya mayeso, yosagula. Tinanyamula matani 28 a shuga kupita kumpoto, ndipo kampani inandikweza ndi mdala wina wa ku Nkhata Bay woti azindiyang'anira. Titafika pamwamba, msewu usanayambe kugwera kunyanja, mdala anati tiime. Anazungulira thiraki yonse akugogoda matayala ndi chitsulo, anakoka timawaya ta pansi pa matanki a mpweya kuti madzi atuluke, kenako anandifunsa giya yomwe nditsikire. Ndinati ndikudziwa. Sanayankhe, anangokwera.

Ndinayamba kutsika pa giya yomwe ndinkatsikira nayo mapiri a ku Dedza. Makona awiri oyamba zinali bwino. Pa yachitatu thiraki inayamba kundithamangitsa, ine n'kumaponda buleki, kusiya, kuponda, kusiya, monga timachitira pa galimoto yaing'ono. Chimene sindinachimvetse bwino nthawi imeneyo n'chakuti buleki ya thiraki imadya mpweya. Kuponda kulikonse ukutaya mpweya wa m'thanki, ndipo kompulesa siingabweze pa liwiro lomwe phazi la munthu wamantha likutayira. Muvi wosonyeza mpweya unachoka pa 8, unafika pa 6, ukutsikabe. Kenako fungo, ngati wina akuwotcha nsapato. Madilamu a buleki akatentha amafufuma n'kuthawa mashuzi, ndiye umaponda mpaka pansi koma thiraki imangoti ndamva, osachita kanthu. Kudzanja lamanja kunali phompho, ndipo kutsogolo pansi nyanja ili mbee, yokongola zedi, ine n'kumaganiza kuti ndiye manda angawa.

Dzanja langa linapita pa giya. Mdala analimenya. Anati ndikangoitulutsa siilowanso, titsika pa nyutulo. Anatsegula buleki ya injini yomwe ine m'mantha ndinaiwala kuti ilipo, n'kundiuza kuti ndichotse phazi, ndidikire. Kudikira kumeneko kunali kwa masekondi ochepa koma ndimakukumbukira kuposa tsiku la ukwati wanga. Patsogolo panali kamalo kosatsetsereka kwambiri. Anati, “Apa. Kamodzi, mwamphamvu, usapope.” Ndinaponda ndi thupi lonse. Thiraki inalira, inanjenjemera, n'kuima matayala akumanzere ali m'miyala.

Ndinatsika miyendo ili zii. Kumatayala a telala kunkatuluka utsi. Ndinathamangira chigubu cha madzi, mdala n'kundiletsanso, akuti dilamu yotentha ukaithira madzi imang'aluka. Tinaika miyala kumatayala, tinakhala pamenepo ola ndi theka. Iye anasenda nthochi zake n'kumadya, osandipatsako. Atamaliza ndi pamene anati, “Iwe mwana, ukanandipha ndisanalandire penshoni.” Tinatsika chotsalacho pa giya yotsika kwambiri, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, minibasi zikutiimbira mahutala kumbuyo.

Achimwene a ku Area 25, ine ndinali nditaphunzira, nditakhoza mayeso, nditakhala lole boyi zaka zambiri, komabe Chiweta inatsala pang'ono kundimeza. Inu dobadoba akupatsani khadi, koma sadzakhala pampando wa kumanzere kuti akumenyeni dzanja. Ndipo phiri silili ku Chiweta kokha. Kuli Kitonga panjira ya ku Dar, kuli zitunda za ku Mwanza, kuli Van Reenen panjira ya ku Durban. Ndalama muli nayoyo kalipireni sukulu ya C1, yomwe ndi yotsikirapo mtengo. Kunena zoona, ngakhale mutaigula EC, kampani iliyonse yolongosoka imakuyesaninso yokha pabwalo pake, ndipo kapitawo amadziwa munthu wogula laisensi asanalize n'komwe injini, pongoona mmene wakwerera.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Komanso ndimavala magalasi ndipo chaka chatha anandipeza ndi shuga. Kodi zimenezi zinditsekereza? — Bambo wa ana atatu, Balaka

Bambo, pa mayeso a laisensi safunsa satifiketi ya MSCE. Amafuna munthu wotha kuwerenga zikwangwani ndi kuyankha mafunso a malamulo. Amene amafunsa MSCE ndi makampani ena, makamaka akuluakulu, koma si onse. Chomwe simungachizembe ndi mapepala a katundu. Muyenera kutha kuwerenga kuti mwanyamula matumba angati, nambala ya silo, kachitsulo komatira chitseko cha kontena, ikugwirizana ndi yolembedwa, ndi pomwe mukusaina kuti mukuvomera chiyani. Inu a ku Balaka sikelo muli nayo pakhomo. Kaimeni pafupi tsiku lina muone. Malire a thiraki yonse ndi matani 56, koma sikelo imayezanso ekiselo iliyonse, kutanthauza mzere uliwonse wa matayala, payokha, ndiye ukhoza kukhala pansi pa malire koma n'kugwidwa chifukwa opakira anaunjika katundu kutsogolo. Dalaivala wosatha masamu a kuphatikiza amagona pasikelo masiku atatu akusuntha matumba a feteleza pamutu.

Magalasi si vuto, amakuyezani mutavala, ndipo poyendetsa muzivala nthawi zonse. Gulani awiri, ena azikhala m'thiraki. Matenda omwe amatsekereza ndi amene amagwetsa munthu mwadzidzidzi, monga khunyu yosagonja ku mankhwala. Shuga ayankhe ndi dokotala amene adzakuyezeni, ndipo mukamuuze zoona. Ndinayenda ndi anzanga a shuga ndi a BP amene anagwira ntchito mpaka kupuma. Koma dziwani kuti moyo wa pamsewu ndi mdani wa matenda amenewa: kudya mochedwa, tchipisi ndi zakumwa zotsekemera pa boda, tulo ta maola atatu. Mankhwala muzinyamula a masiku owirikiza kawiri ulendo womwe akuuzani, chifukwa ulendo wa sabata imodzi ku Beira umasanduka wa masabata atatu sitima ikachedwa.

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimayendetsa lole ya matani 3 ya malume anga. Ndikanena za hosi anthu amandiseka. Kodi lamulo limalola akazi? — Chemwali wa ku Mchinji

Limalola, chemwali, ndipo mayeso ake ndi omwewo. Akusekaniwo akukumbukira mathiraki a nthawi yathu, a chiwongolero chouma chofuna mapewa ndi kilatchi yoti ukaponda tsiku lonse bondo limatupa. A masiku ano, ma Scania, ma Volvo ndi ma Actros, ambiri giya amasintha okha, ndipo chiwongolero chimazungulira ndi zala ziwiri. Inu muli pafupi ndi boda ya Mwami, muyenera kuti mwawaonapo amayi a ku Zambia ndi ku Zimbabwe akudutsa ndi mahosi. Tayala la thiraki ndi lolemera kwa aliyense. Ine ndemwe sindinalikwezepo ndekha popanda chitsulo chotsamiritsa ndi munthu wondithandiza.

Sindikunamizani, zovuta zilipo, koma si za chiwongolero. Ndi za usiku pamzere wa pa boda pomwe palibe chimbudzi chotseka, ndi za amuna ena amene amaganiza kuti mkazi aliyense wopezeka pamalo oimika mathiraki wabwera kudzagulitsa china. Mukadzayamba, sankhani kampani yomwe mathiraki ake amayenda m'gulu, muzigona pamalo a mpanda ndi mlonda ngakhale alipiritse, ndipo chitseko muzimanga ndi lamba mkati monga timachitira tonse. Malume anuwo akulembereni kalata yonena zaka zomwe mwayendetsa lole yawo popanda ngozi. Kalata imeneyo ndi ya mtengo kuposa mmene mukuganizira, ndipo chifukwa chake chili pa funso lotsatirali.

EC ndinatenga zaka ziwiri zapitazo nditagulitsa ng'ombe za bambo anga. Kulikonse komwe ndapita akuti akufuna wa zaka zitatu kapena zisanu pa ntchito. Nanga zakazo ndizipeza kuti ngati palibe wondilemba? Kumudzi ndikuchita manyazi. — Wokhumudwa, Ekwendeni

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ili ndilo dzenje lomwe masukulu sakuuzani polandira ndalama. Koma taganizani ngati mwini thiraki. Hosi ndi telala ndi ndalama zoti munthu wamba sangazigwire moyo wake wonse, katundu ali pamwambayo ndi wa munthu wina, ndipo a inshuwalansi amafunsa kuti woyendetsa ndi wa zaka zingati pa ntchito. Khadi yanu ikumuuza kuti tsiku lina lake munazungulira bwalo bwinobwino woyesa akuona. Siikumuuza ngati mumagona pa chiwongolero ikakwana 3 koloko m'mawa, kapena ngati dizilo amafika yense.

Zaka zimenezo zimapezeka pakhomo la kumbuyo. Lekani kusiya makalata pageti, amathera m'kabati ya mlonda. Lowani ngati wothandizira dalaivala, ngakhale malipiro ake ndi ochititsa manyazi. Pemphani ntchito ya pabwalo, yosuntha mathiraki kuchoka pochapira kupita ku galaja, kulumikiza ndi kumasula matelala tsiku lonse. Palibe sukulu ya rivesi yoposa imeneyo, ndipo kapitawo amakuonani tsiku lililonse. Nyengo ya fodya, ya feteleza ndi yodula nzimbe ku Dwangwa ndi ku Nchalo eni malole amasowa anthu, ndipo ndi pamene munthu watsopano amapatsidwa mpata. Musanyoze lole ya matani 10 chifukwa muli ndi EC. Paliponse pomwe mwagwira, ngakhale miyezi itatu, tulukani ndi kalata ya chidindo ndi nambala ya foni ya bwanayo.

Mukakwera ndi dalaivala wamkulu, khalani ndi kabuku. Lembani pomwe amathira mafuta ndi malita ake, pomwe amaima ndi pomwe saima ngakhale chikhodzodzo chitadzaza, giya yomwe amalowera pa phiri lililonse. Phunzirani moni wa Chipwitikizi ndi mawerengero ake, chifukwa wapolisi wa ku Tete akati “documentos” safuna kumva Chingerezi chanu, ndipo kuyambira pa Kasumulu ndi Chiswahili chokhachokha. Dziwani kusiyana kwa Yellow Card ya COMESA, yomwe ndi inshuwalansi ya galimoto, ndi kabuku kachikasu ka katemera, komwe ndi ka thupi lanu. Ndinaona mnyamata akupereka ka katemera kwa wofunsa inshuwalansi, ndipo dzina lomwe anamupatsa tsiku limenelo akadali nalo.

Kumudziko auzeni kuti ng'ombe sizinatayike, koma musawalonjeze nyumba ya malata chaka chino. Madalaivala atanyanyala ntchito n'kuimika mathiraki mu 2019 ndi mu 2021, sichinali chifukwa chokhuta ayi. Malipiro a pamwezi m'makampani ambiri ndi ochepa, chomwe chimaoneka ngati ndalama ndi alawansi ya ulendo, ndipo imeneyo imathera pa boda mukakhalapo masiku asanu.

Amuna anga ayendetsa mathiraki ku Malawi zaka 9 ndipo ali ndi EC. Tsopano anditsatira kuno ku Leeds. Kodi laisensi yawo igwira ntchito? — Mayi wa ku Leeds

Mayi, auzeni bambo akhazike mtima pansi, chifukwa ayambiranso pachiyambi. Uko sindinayendetseko, koma amene anali wothandizira wanga womaliza ali konko ndipo anadutsa njira yonseyi akundidandaulira pa WhatsApp. Laisensi ya ku Malawi siili m'gulu la zomwe amangosinthitsa ndi ya ku Britain. Munthu wokhazikika kumeneko amaloledwa kuyendetsera galimoto yaing'ono kwa miyezi 12, kenako ayenera kukhala atakhoza mayeso a komweko. Atapeza ya galimoto yaing'ono ndi pamene angapemphe ya ophunzira thiraki ku DVLA, yomwe tingati ndi Road Traffic yawo, ndi fomu ya D2 pamodzi ndi ya dokotala ya D4. Hosi ndi telala kumeneko amati C+E, ndipo kuyambira mu Novembala 2021 munthu akhoza kupita molunjika pa imeneyo osayamba wadutsa pa C.

Pamwamba pa laisensi pali Driver CPC, yomwe tingati ndi PrDP yawo. Ili ndi mayeso akeake, ndipo ikatheka munthu amabwereranso m'kalasi maola 35 pa zaka zisanu zilizonse. Kuyendetsa kwenikweniko bambo sikuwavuta, msewu ndi wa kumanzere ngati kwathu ndipo thiraki zambiri zimathera pa matani 44. Chimene chidzawavute ndi kamakina kotchedwa tachograph, komwe kamalemba mphindi iliyonse. Ukayendetsa maola anayi ndi theka uyenera kupuma mphindi 45, ndipo pa tsiku ndi maola 9, kupatula masiku awiri pa sabata omwe amalola 10. Ife tinazolowera kuchoka ku Mwanza m'bandakucha n'kukagona ku Harare, thupi likadandaula n'kulipatsa khofi. Kumeneko khalidwe limenelo limalanditsa laisensi. Asanalipire sukulu iliyonse, ayambe awerenga bwino zomwe visa yawo ikuwalola kugwira.

Anthu amati ndalama zili pa mathankala a mafuta. Ndili ndi EC ndi G, ndayenda chaka chimodzi pa fulatibedi, telala yopanda mbali ija. Ndisamuke? — Dalaivala mnzanu, Kanengo

Mnzanga, pepala lomwe likusowa ndi D, ndipo limabwera ndi maphunziro a katundu woopsa: kuzimitsa moto, kumanga waya wa pansi musanatsitse mafuta, zikwangwani za pathanki, ndi choti muchite akatayika. Ku Joni D sapereka kwa munthu wosafika zaka 25, ndipo eni mathankala kuno amayang'ananso msinkhu womwewo. Galimotoyo payokha imafunanso chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, koma imeneyo ndi nkhawa ya bwana.

Chaka chimodzi n'chochepa. Matumba a simenti ukawamanga bwino amakhala pomwe wawaika. Mafuta amayenda. Ukaponda buleki amathamangira kutsogolo, thiraki itaima kale n'kukukankhanso kachiwiri, ndipo pa kona amakwera khoma la kunja n'kufuna kukugubuduza, makamaka thanki ikakhala yosadzaza. Raundabauti yomwe mumazungulira pa liwiro la 30 ndi fulatibedi, thankala imafuna 15.

Chinanso ndi anthu. Aliyense m'njira amadziwa chomwe mwanyamula, ndipo adzakukodolani ndi zigubu kuyambira ku Inchope mpaka ku Zobue. Mu Novembala 2016 pa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete, thankala yobwera kuno inaphulika anthu akutunga petulo, ndipo anafa anthu oposa 70, ana ali momwemo. Ndinadutsapo patatha masiku ochepa, mitengo ya m'mbali ili bii, mapatapata osungunuka ali mbwee pansi. Wothandizira wanga, amene ankakonda kuyankhula ngati wailesi, sanatsegule pakamwa mpaka pa Mwanza.

Khalani pa fulatibedi zaka zina ziwiri, D muitenge pakali pano ikhale m'thumba, ndipo mukapeza mpata wokwera ndi wa thankala ngati wachiwiri, ulendo umodzi wa ku Dar ndi kubwerera, kwerani.